Kulowa ku MIT, Caltech ndi anzawo: chifukwa chake 4 peresenti si mwayi wanu

Pa 14 Malichi chaka chilichonse, achinyamata masauzande m'maiko osiyanasiyana amakhala maso ali pakompyuta kudikira yankho lochokera ku Massachusetts Institute of Technology, sukulu imene anthu amangoitchula kuti MIT. Tsikulo analisankha dala. Ku America amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, ndiye 3/14 imaoneka ngati 3.14, chiyambi cha nambala ya pi imene wophunzira masamu aliyense amaidziwa. Nthabwalayo ndi yokoma, koma ambiri mwa otsegula uthengawo saseka. Mu 2022 anthu oposa 33,000 anafunsira malo ndipo otengedwa anali 1,337 okha, kutanthauza anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse. Ku California Institute of Technology, kapena kuti Caltech, mumzinda wa Pasadena, zinthu n'zothinana kuposa pamenepo: zaka zaposachedwapa otengedwa akhala akuzungulira pa 3 peresenti.

Wophunzira akaona ziwerengero zotere, funso limabwera lokha: nanga ine mwayi wanga ndi wotani? Wina amati ndiye kuti ndi 4 peresenti basi, n'kugwa ulesi. Wina, makamaka amene wakhala akutsogola m'kalasi kuyambira ali wamng'ono, amati 96 okanidwawo ndi ofooka, ine sizikundikhudza. Onse awiri aphonya. Nambala ija ndi avereji ya magulu a anthu osiyana kwambiri, ena omwe mwayi wawo ndi wosaoneka n'komwe, ena omwe mwayi wawo ndi wokulirapo kangapo. Palibe wofunsira malo amene ali munthu wa avereji. Kuti muyerekeze bwino mwayi wanu muyenera kudziwa kaye kumene nambalayo imachokera, gulu limene muli, komanso pamene malikisi amasiya kugwira ntchito.

Nambalayo imasuntha popanda sukulu kusintha

Chiwerengero cha otengedwa chimapezeka pogawa anthu amene apatsidwa malo ndi anthu onse amene anatumiza mafomu. Nambala yapamwambayo, ya opatsidwa malo, siisintha kwenikweni, chifukwa imatengera zipinda zogona, malabotale ndi aphunzitsi amene alipo. MIT imafuna ophunzira atsopano pafupifupi 1,100 pachaka. Caltech ndi yaing'ono kwambiri: ophunzira onse a digiri yoyamba ndi pafupifupi 1,000, ndipo kalasi yatsopano imangopitirira pang'ono 200. Chimene chimakwera ndi kutsika ndi nambala yam'munsi, ya otumiza mafomu.

Taonani zimene zinachitika nthawi ya Covid-19. Malo ambiri olembera SAT ndi ACT, mayeso amene ofuna kulowa yunivesite ku America amalemba, anatsekedwa, MIT n'kuimitsa kaye lamulo loti aliyense atumize zotsatira za mayesowo. Ofunsira malo analumpha kuchoka pa 20,075 kufika pa 33,240 m'chaka chimodzi, ndipo chiwerengero cha otengedwa chinagwa kuchoka cha m'ma 7 peresenti kufika pa 4. Lamulo la mayeso litabwerera, ofunsira anatsika kufika pafupifupi 27,000, chiwerengero chija n'kukweranso pang'ono. Kodi wophunzira wamphamvu pa masamu anapepukiridwa kapena kulemeredwa mofanana ndi mmene nambalayo inkasinthira? Ayi. Ambiri mwa amene anawonjezereka, n'kudzachokanso, anali ongoyesa mwayi poona kuti palibe chowatchinga.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Sukulu imatenga anthu ambiri kuposa malo amene ili nawo, podziwa kuti ena akasankha kwina. Ku MIT, mwa anthu 100 opatsidwa malo, oposa 80 amabweradi, choncho safunika kuitana anthu ambiri owonjezera. Sukulu ina yabwino ndithu, imene theka la otengedwa ake limakathera kwina, imayenera kuitana anthu owirikiza kawiri malo ake, ndiye papepala imaoneka yosavuta kulowa. Harvey Mudd College, koleji yaing'ono ya sayansi ndi uinjiniya ku Claremont, m'chigawo cha California, imatenga anthu opitirira 10 peresenti. Koma amene amaidziwa n'kufunsirako ndi ochepa ndipo ndi okonda masamu kale, moti malikisi a otengedwa ake sali kutali ndi a ku MIT. Woganiza kuti kumeneko n'kothawirako akakanidwa kwina amadabwa.

Muli m'gulu liti?

Gulu limene limathinitsidwa kwambiri ndi la ochokera kunja kwa America. Ku MIT ophunzira akunja ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ophunzira a digiri yoyamba, pamene ofunsira akunja ndi masauzande angapo chaka chilichonse. Otengedwa sapitirira kwenikweni 100 ndi makumi angapo, ochokera m'maiko ambirimbiri, moti chiwerengero cha gululi chimakhala cha m'ma 2 peresenti kapena kutsikirapo. M'maiko ambiri amatengamo munthu mmodzi kapena awiri, zaka zina osatengamo aliyense. Ndiye wochokera kunja akamawerenga 4 peresenti ija adziwe kuti akuwerenga nambala ya anthu ena.

Kumasukulu a boma malire ake ndi ena. Georgia Institute of Technology ku Atlanta imayendetsedwa ndi thandizo la misonkho ya anthu a m'chigawo cha Georgia, choncho ana a m'chigawomo amapatsidwa mpata waukulu. Chiwerengero chawo cha otengedwa chimakhala pafupifupi katatu poyerekeza ndi cha ochokera kwina. Ku Carnegie Mellon University ku Pittsburgh, munthu amafunsira ku nthambi inayake, ndipo nthambi ya sayansi ya kompyuta ndi yovuta kwambiri kuposa avereji ya yunivesite yonse. MIT ilibe zimenezo. Aliyense amafunsira kusukulu yonse ndipo amasankha phunziro lake kumapeto kwa chaka choyamba, choncho kulemba pafomu kuti mukufuna phunziro losatchuka n'cholinga chozembera mpikisano sikuthandiza kanthu.

Nkhani ya amuna ndi akazi imautsa mkangano. Ofunsira ku MIT ambiri ndi anyamata, koma ophunzira a pasukulupo ndi pafupifupi theka-theka. Masamu ake ndi osabisika: chiwerengero cha atsikana otengedwa n'chokwera kuposa cha anyamata. Ena amathamangira kunena kuti atsikana amalowa ndi malikisi otsika. Kufotokoza kumene kumaperekedwa kawirikawiri n'kwakuti atsikana amene amalimba mtima n'kufunsira amakhala atadzisefa kale, pamene anyamata ambiri amatumiza mafomu ngakhale asanakonzeke. Ine ndimaona kuti mfundoyi ili ndi mutu, ngakhale kuti ziwerengero zokhazo sizingathetse mkanganowo.

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Masukulu ambiri ali ndi ulendo woyamba wofunsira, umene umatseka kumayambiriro kwa Novembala, ndi wachiwiri wa kumayambiriro kwa Januwale. Kumene kuli dongosolo la Early Decision, monga ku Harvey Mudd ndi ku Carnegie Mellon, wofunsira amalonjeza kuti akatengedwa abwera, ndipo sukulu imakonda anthu otere chifukwa malo awo ndi otsimikizika. Dongosolo la MIT, lotchedwa Early Action, silimangirira munthu, ndipo akuluakulu a sukuluyo amanena mobwerezabwereza kuti kufunsira msanga sikuwonjezera mwayi. Ambiri a ulendo woyambawo satengedwa komanso sakanidwa, amangosunthidwira ku ulendo wachiwiri kuti akaonedwenso.

Malikisi amakufikitsani pakhomo, sakulowetsani

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo m'pamene ophunzira anzeru amapwetekera mtima. Mayeso a SAT ali ndi gawo la masamu limene malikisi ake apamwamba ndi 800. Theka la otengedwa ku MIT limakhala pakati pa 780 ndi 800, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, mwinanso kuposerapo, anakhoza zonse. Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana. Choyamba, wokhala ndi 650 pa masamu mwayi wake ndi wochepa zedi. Chachiwiri, wokhala ndi 800 sanapambane chilichonse, chifukwa ofunsira okhala ndi malikisi otere ndi ochuluka kwambiri kuposa malo onse a pasukulupo. Sukulu ikanafuna, ikanadzaza kalasi yake kangapo konse ndi anthu okhoza bwino chomwecho. Ambiri mwa iwo amakanidwa.

N'chifukwa chiyani masukuluwa amaumirira pa masamu kuposa mayunivesite ena otchuka? Yankho lili m'zimene munthu amakumana nazo akalowa. Ku MIT aliyense, ngakhale amene adzathere ku zachuma kapena ku nyimbo, ayenera kukhoza maphunziro awiri a masamu apamwamba otchedwa calculus, awiri a fizikisi, limodzi la kemisitili ndi limodzi la bayoloje. Ku Caltech nakonso kuli maphunziro a onse otere, ndipo amadziwika kuti ndi owawa. Kuyunivesite ina wofooka pa masamu akhoza kuwazemba n'kumaliza digiri bwinobwino. Kuno kulibe kozembera. Ndiye funso loyamba la komiti yosankha silakuti mwanayu ndi wanzeru kuposa anzake, koma lakuti kodi adzapirira chaka choyamba.

M'Malichi 2022 mkulu woona zotenga ophunzira ku MIT, Stu Schmill, analengeza kuti mayeso abwerera, pa nthawi imene masukulu ambiri otchuka anali atawasiya. Anafotokoza kuti kafukufuku wa sukuluyo anasonyeza kuti zotsatira za mayesowo, makamaka masamu, zimathandiza kudziwiratu amene adzakwanitse maphunziro a kumeneko. Anawonjezera mfundo imene inadabwitsa ambiri: mayesowo amathandiza mwana wochokera kusukulu yosauka, imene ilibe maphunziro apamwamba, kusonyeza kuti ali ndi mutu, pamene popanda mayeso komiti imatsala ndi zinthu zimene ana a olemera amazipeza mosavuta. Caltech inali itapita mbali ina. Kuyambira 2020 inkakana ngakhale kuyang'ana zotsatirazo. Mu Epulo 2024 nayonso inabwezeretsa mayeso.

Caltech inachitanso chinthu china chofunika mu 2023. Kwa nthawi yaitali inkafuna kuti wofunsira akhale ataphunzira calculus, kemisitili ndi fizikisi kusekondale, koma masukulu ambiri a sekondale, ngakhale ku America komweko, saphunzitsa onse atatuwo. Inalola kuti amene sukulu yake ilibe phunzirolo asonyeze kuti akulidziwa mwa njira zina, monga mayeso a AP kapena IB (mayeso a maphunziro apamwamba a kusekondale), kapena kuphunzira pa webusaiti ya Khan Academy n'kuyesedwa kudzera pa webusaiti ina ya Schoolhouse.world. Mulingo sunatsike. Chimene chinasintha ndi njira yosonyezera kuti mwaufika.

Mukadutsa pakhomopo

Tiyerekeze kuti komiti yakhutira kuti mukhoza. Tsopano muli m'gulu la anthu masauzande angapo amene onse akhoza, ndipo malo ndi a ochepa okha. Kuyambira apa kusankha sikulinso kuika anthu pamndandanda kuyambira woyamba mpaka womaliza. Amakhala akumanga kalasi. Woyambitsa kwaya satenga oimba 30 a mawu okoma kwambiri ngati onse ali a sopulano. Amafuna mawu onse, ndipo woimba bwino akhoza kutsala chabe chifukwa mbali yake yadzaza. Sukulu imafuna wokonda masamu ozama, wokonda kuphwasula ndi kumanga makina, wodzatsogolera gulu la ophunzira, woimba, wothamanga, wochokera kumudzi kumene sikunachokerepo wophunzira wa pasukulupo. Simungadziwe kuti chaka chimenecho anthu onga inu afunsira angati.

Zimene owerenga mafomu amagwiritsa ntchito ndi zochepa, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Magiredi amawerengedwa moyerekeza ndi sukulu imene munthu wachokera: kodi anatenga maphunziro ovuta kwambiri amene analipo, kapena anasankha ofewa kuti magiredi akongole? MIT imafuna makalata awiri a aphunzitsi okuchitirani umboni, imodzi ya mphunzitsi wa masamu kapena sayansi, ina ya mphunzitsi wa chinenero, mbiri kapena maphunziro onga amenewo. Kalata yachiwiriyi ambiri amaiderera, chonsecho wophunzira wa ku MIT ayenera kutenganso maphunziro 8 a mbali imeneyo asanamalize digiri. Ndipo kalata imene imagwira ntchito si yodzaza ndi mawu otamanda. "Ndi mwana wolimbikira ndi waulemu" ndi mawu amene owerenga amawaona kambirimbiri patsiku. Kalata yofotokoza tsiku limene mwanayo anabwera ndi njira yothetsera funso imene mphunzitsi sanaiganizire, kapena mmene ankatsalira pambuyo pa kalasi kuthandiza anzake, ndiyo imakumbukika m'chipinda cha komiti.

Fomu ya MIT ndi yawoyawo, si Common App imene masukulu ambiri amagwiritsa ntchito. M'malo mwa chimangirizo chimodzi chachitali, muli mafunso angapo ofuna mayankho afupiafupi, ndipo limodzi limangofunsa chimene mumachita pongofuna kusangalala. Malo olembapo zochita za kunja kwa kalasi ndi anayi okha. Uthenga wake ndi womveka: sakufuna mndandanda wa makalabu 15 amene munangolembetsako dzina. Palinso Maker Portfolio, kumene munthu amatumiza zithunzi, mavidiyo ndi kufotokoza za chinthu chimene anapanga yekha, kaya ndi loboti, pulogalamu ya pakompyuta kapena chovala chosokedwa mwaluso. Ku Caltech aphunzitsi a payunivesite amawerenga nawo mafomu, ndipo wasayansi amazindikira msanga kusiyana kwa mwana amene anachitadi kafukufuku ndi amene anangoima pafupi ndi ochita kafukufuku. Mwana amene angafotokoze chimene chinalephereka m'ntchito yake, ndi chifukwa chake, amakhulupirika kuposa amene zonse zinamuyendera.

Nanga mipikisano? Mendulo ya ku International Mathematical Olympiad, mpikisano umene unayamba mu 1959 ku Romania ndipo dziko lililonse limatumizako ana osapitirira 6, imasuntha mwayi wa munthu kwambiri, makamaka wochokera kunja. Chimodzimodzi mipikisano ya mayiko ya fizikisi, kemisitili ndi mapulogalamu a kompyuta. Chifukwa chake n'chosavuta: komiti singadziwe kulemera kwa magiredi a sukulu iliyonse padziko, koma mulingo wa mipikisanoyi imaudziwa. Komabe ambiri mwa ophunzira a ku MIT ndi Caltech alibe mendulo yotere, ndipo kukhala nayo si chitsimikizo.

Ndalama, mtundu ndi makolo

Chaka chimodzi ku MIT, kuphatikiza fizi, chipinda, chakudya ndi mabuku, chimapitirira madola 80,000. Koma MIT ndi imodzi mwa masukulu ochepa kwambiri a ku America amene posankha sayang'ana ngati munthu angathe kulipira, ngakhale akhale wakunja, ndipo akamutenga amamupatsa thandizo lonse limene akufunikira. Kuyambira 2025, ana a mabanja opeza ndalama zosafika madola 200,000 pachaka salipira fizi, ndipo a mabanja osafika 100,000 makolo sayembekezeredwa kulipira kanthu. M'masukulu ena ambiri, kuphatikizapo Caltech, wofunsira wakunja akapempha thandizo la ndalama pempholo limawerengedwa posankha, chifukwa thumba la akunja ndi lochepa. Anthu awiri ofanana pa zonse, wina wolipira yekha wina wofuna thandizo lonse, sali pa mwayi umodzi kumeneko. Musabise kuti mukufuna thandizo poganiza kuti mudzapempha mutalowa, chifukwa m'masukulu ambiri wakunja amene sanapemphe poyamba saloledwa kupempha pambuyo pake.

Mu 2023 akatswiri a zachuma atatu, Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman, anatulutsa kafukufuku wa masukulu 12 otchuka a ku America, MIT ili momwemo. Anapeza kuti mwana wa m'banja la 1 peresenti ya olemera kwambiri anali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'masukuluwa poyerekeza ndi mwana wa m'banja lapakatikati wokhala ndi malikisi ofanana. Zifukwa zinali zitatu: kukondera ana a anthu amene anaphunzira pasukulupo, kutenga ochita masewera, ndi kulemekeza zochita za kunja kwa kalasi zimene sukulu zodula zimadziwa kuzikometsa. MIT inaoneka yosiyana ndi anzake, chifukwa kukondera olemera kunali kosaoneka kwenikweni. MIT ndi Caltech onse sawerengera kuti bambo kapena mayi anu anaphunzira kumeneko. Pa mfundo imeneyi masukulu a sayansiwa ndi achilungamo kuposa mayunivesite akale otchuka, ngakhale kuti mwana wa wolemera amafikabe pakhomo atakonzekeretsedwa bwino kuyambira ali wamng'ono.

Pa 29 Juni 2023 Khothi Lalikulu la America linagamula, pa mlandu wokhudza Harvard ndi University of North Carolina, kuti masukulu asamawerengere mtundu wa munthu posankha ophunzira. Zotsatira zake ku MIT zinaoneka m'kalasi yolowa mu 2024: ophunzira akuda anatsika kufika pa 5 peresenti kuchoka pa avereji ya 13, pamene ochokera m'mabanja a ku Asia anakwera kuchoka cha m'ma 40 kufika pa 47. Aliyense wowerenga malangizo olembedwa chaka cha 2023 chisanafike adziwe kuti malamulo ake anasintha.

Masamu onyenga a kufunsira malo ambiri

Ophunzira okonda masamu amakonda kuwerengera motere. Ngati pasukulu iliyonse mwayi ndi 5 peresenti, mwayi wokanidwa ndi 0.95. Ndikafunsira masukulu 10, mwayi wokanidwa konse ndi 0.95 kuchulukitsa yokha ka 10, zimene zimapereka pafupifupi 0.6. Ndiye mwayi wotengedwa kwinakwake ndi 40 peresenti. Kuwerengerako n'kolondola, koma maziko ake ndi olakwika. Njirayi imagwira ntchito pokhapokha ngati zigamulo 10 zija sizikhudzana, ngati maere. Koma masukulu onsewo akuwerenga magiredi omwewo, makalata omwewo, munthu yemweyo. Ngati kalata ya mphunzitsi ndi yozizira, ndi yozizira konse. N'chifukwa chake chaka chilichonse pamapezeka ana ochepa otengedwa pafupifupi kulikonse, ndi ambiri okanidwa kulikonse. Kwa amene ali kale m'gulu la amphamvu, kuchulukitsa masukulu kumathandizadi, chifukwa pamenepo mbali ya mwayi ndi yaikulu. Kwa amene sanafike pa mulingo, mafomu 20 ndi kungotaya ndalama ndi nthawi imene ikanakometsa mafomu asanu.

Zida za pa intaneti zimene mumalowetsamo magiredi ndi malikisi n'kukuuzani kuti mwayi wanu ndi 17 peresenti ndimaziona ngati zoseweretsa. Zimaona zinthu zokhazo zimene zili ndi manambala, zomwe ndi zinthu zimene pa masukuluwa zimasiya kusiyanitsa anthu. Siziwerenga makalata, sizidziwa sukulu imene mwachokera, sizidziwa amene mukupikisana nawo. Chothandiza kwambiri ndi chikalata chotchedwa Common Data Set, chimene masukulu ambiri a ku America amachiika poyera chaka chilichonse. Muli chiwerengero cha ofunsira ndi otengedwa, malikisi a olowa, zinthu zimene sukulu imati n'zofunika kwambiri posankha, komanso anthu amene anatengedwa kuchokera pamndandanda wa odikira, anthu amene amaitanidwa pokhapokha malo akatsala. Chimakuuzani mosabisa ngati mwafika pakhomo. Za m'kati sichinena.

Kwina amasankha mwa njira ina

Zonsezi ndi kachitidwe ka ku America, ndipo si kokhako padziko. Ku India, njira yolowera m'masukulu 23 a Indian Institutes of Technology ndi mayeso. Anthu oposa 1 miliyoni amalemba JEE Main, pafupifupi 250,000 okhoza bwino amaloledwa kulemba JEE Advanced, ndipo malo ndi pafupifupi 17,000 kapena kupitirirapo pang'ono. Nambala yanu pamndandanda ndiyo imagamula sukulu ndi phunziro limene mupeze, mogwirizana ndi malo amene malamulo amasungira magulu amene kale ankaponderezedwa. Kulibe chimangirizo, kulibe kalata ya mphunzitsi. Funso la mwayi limayankhika mosavuta, chifukwa mukhoza kuona nambala imene analekezera chaka chatha. Mtengo wake ndi wina: mzinda wa Kota ku Rajasthan unasanduka msika wa masukulu okonzekeretsa mayeso, kumene ana amakhala zaka ziwiri akungobwereza mafunso, ndipo nkhani za ophunzira odzipha kumeneko zakhala zikudetsa nkhawa boma.

Ku France ofuna kulowa École Polytechnique amathera zaka ziwiri m'makalasi okonzekera akamaliza sekondale, kenako n'kulemba mayeso ampikisano, olemba ndi apakamwa. ETH Zurich ku Switzerland imatembenuza zonse. Wokhala ndi satifiketi ya sekondale ya dzikolo, yotchedwa Matura, amalowa popanda kusefedwa, koma mayeso a chaka choyamba amagwetsa ambiri, ndipo wolephera kawiri amachotsedwa m'phunzirolo. Sefa ilipo ndithu, angoiika m'kati. Pasukulu yomweyi m'pamene Albert Einstein, ali ndi zaka 16 mu 1895, analemba mayeso olowera n'kukhoza bwino masamu ndi fizikisi koma osakwanitsa mbali ya maphunziro ena. Anakamaliza sekondale m'tauni ya Aarau ku Switzerland komweko n'kulowa chaka chotsatira.

Njira ya mayeso okhaokha ndi yoonekera, ndipo wokanidwa amadziwa chimene chamugwetsa. Njira ya ku America imatha kuona mwana waluso amene sukulu yake inalibe zipangizo, koma wokanidwa sauzidwa chifukwa, ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa chimodzi choti n'kumuuza.

Nanga wokanidwayo wataya chiyani?

Akatswiri awiri, Stacy Dale ndi Alan Krueger, anayerekeza anthu amene anatengedwa ku masukulu ofanana koma n'kusankha kosiyana, wina kotchuka kwambiri, wina kotsikirapo. M'kafukufuku wawo wa 2002, ndi wina amene anachita patapita zaka, anapeza kuti malipiro a anthuwa atakula sankasiyana kwenikweni. Zimene munthu anabwera nazo zinkalemera kuposa dzina la sukulu. Koma panali gulu limene sukulu yotchuka inkalipindulira moonekeratu: ana a mabanja osauka, ana a makolo osaphunzira kwambiri, ndi akuda ndi a Chihispaniki (a m'mabanja ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi). Kwa amene alibe achibale odziwana ndi mabwana, sukulu ndiyo imapereka anthu odziwana nawo.

Chetty ndi anzake aja anafunsanso funso lomweli mwa njira ina. Anatenga anthu amene anaikidwa pamndandanda wa odikira, n'kuyerekeza amene pomaliza anaitanidwa ndi amene anatsala. Pa malipiro a avereji kusiyana kunali kochepa. Pa mwayi wofika pamwamba penipeni, monga kulowa m'gulu la 1 peresenti ya opeza ndalama zambiri, kukachita digiri yachiwiri kusukulu yotchuka, kapena kulembedwa ntchito kukampani yapamwamba, oitanidwawo anali patsogolo ndithu. Kuyerekezaku kunatheka chifukwa magulu awiriwo anali ofanana kwambiri pa zimene zingayezedwe, ndipo sukulu ina imene inawerenga mafomu a anthu omwewo sinkakonda oitanidwawo kuposa otsalawo. Chimene chinkawalekanitsa chinali zinthu zazing'ono za chaka chimenecho, monga mpata umene unatsala m'kalasi. Ku MIT mpata wotero sudziwika: zaka zina amaitana anthu makumi angapo kuchokera pamndandandawo, zaka zina saitana ngakhale mmodzi.